Chimanga Chosabereka Adzukulu

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Mbewu Zamawa.

Bwana,

Ndagwada, ine mlimi wosaphunzira wa kuno ku Kasakula, kuthokoza chifukwa cha chimanga chanu chopangidwa mu labotale chija. Mlangizi wanu, a Isake, atasankha munda wanga kuti ukhale wachitsanzo, anati zamakolo zinatha ntchito. Ndinamvera. Ngala zambewu zimene ndinkapachika kudenga la khitchini kuti utsi uzizisunga, ndinazitsitsa n'kupita nazo kuchigayo. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kanu kameta ndi nsidze zomwe.

Choyamba, mbozi sizinachilawe n'komwe chimanga chanu, chilungamo chake ndi chimenecho. Zonse zinasamukira m'munda mwa a Langton, oyandikana nafe. Masiku ano tikakumana kumjigo amayang'ana kumwamba.

Chachiwiri, mankhwala anu opha udzu ndi akatswiri. Anapha udzu, maungu, bonongwe ndi chisoso, munda n'kuyera ngati bwalo la sukulu. Mwatipumitsa ntchito yothyola ndiwo, zikomo kwambiri.

Chachitatu, anankafumbwe a m'nkhokwe mwanga andituma ndikupatseni moni. Akuti chiyambire sanadyepo chimanga chofewa chotere.

Chachinayi ndiye chikundiwawa mumtima, ngakhale ndikulemba ndikumwetulira. A Isake andiuza tsopano kuti chimanga chimenechi sabzalanso zokolola zake, mbewu n'kugula chaka ndi chaka. Mwana wanga Rakele akukwatiwa Loweruka, ndipo akupita ku chitengwa ku Mvera. M'banja mwathu mwana wamkazi sachoka chimanjamanja. Mayi ake amamumangira mbewu pansonga ya chitenje, yomwe iwonso anamangiridwa ndi mayi awo, kuti kumene akupitako asakapemphe kwa apongozi. Yanga ndi ija ndinagaitsa. Tinamwa phala, ndipo linali lokoma.

Choncho Bwana, poti mayi wa mbewu zonse tsopano ndinu, ndikupempha modzichepetsa kuti mubwere ku ukwatiwo mudzakhale pamphasa panga. Mudzamumangire Rakele paketi yake, ndipo chaka chilichonse mitambo ikayamba kuda muzikumbukira kukwera mapiri a Mvera ndi ina, mpaka ana ake nawonso adzakwatiwe. Ndingokunong'onezani kuti kuno mayi salipiritsa mwana wake. Chitenje musavutike kugula, ndikubwerekani changa.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kuchita zikang'a,
Hana Nankhoma