Gitala imene a Sizasi anadula

A Sizasi sankalola nyimbo kutuluka m'shopu mwawo isanametedwe. Lero aliyense wa mumsewu wathu akudziwa zimenezi, koma kwa zaka zambiri tinali mumdima. Tinkangowapatsa memori khadi kapena fulashi, iwo n'kutiikira nyimbo, ife n'kupita kukavina, osadziwa kuti nyimbo iliyonse yadutsa kaye pampando wawo ngati mwana wasukulu kwa wometa. Dzina loti Sizasi linabwera mochedwa, nkhani itaululika. Kale tinkangoti bambo a nyimbo.

Ine ndinawadziwa bwino chifukwa tinkagawana chipinda. Nditamaliza sekondale, azakhali anga anandipezera makina a fotokope, ndipo malo okhawo amene anapezeka anali theka la shopu yawo. Pakati pathu panali shelefu ya makaseti akale amene chinyezi chinawadya kalekale. Mbali yanga kunkanunkha pepala lotentha, mbali yawo kunkanunkha fumbi ndi mankhwala opaka m'maondo. Sindine wolankhulalankhula, n'chifukwa chake anandikonda. Ankanditcha Fotokope, ndipo ankauza anthu kuti sanakhalepo ndi mnansi wabwino chonchi, chifukwa mbali yanga chimene chimayankha ndi makina okha.

Anali ndi malamulo awo. Woimba akayamba ndi kupereka moni kwa anzake onse mmodzimmodzi, ankadula, ati moni akaperekere kwawo. Ng'oma ikamalira yokha kwa nthawi yaitali, ankadula, ati woimba wapita kukamwa madzi ndipo ife sitingamudikire. Ndime yotchula chiuno, bulangete kapena chitseko chokhoma inkachoka isanamalize n'komwe kutchula. Kolasi ikawasangalatsa ankaibwereza, mwini wake asanapemphe. Ankavala mahedifoni aakulu omangidwa ndi tepi wakuda, maso ali tsinzini, chala chili pa mausi, ndipo ankalumikiza mwaluso moti palibe khutu limene linkagwira msoko. Zodulazo sankataya. Ankaziponya zonse mu foda imodzi imene ankaitcha thumba, zopanda maina, monga mmene telala amaponyera tizidutswa tansalu pansi pa tebulo.

Chinawaulula ndi ukwati wa mwana wa mayi a saluni, mayi amphamvu amene saluni yawo ili moyang'anizana ndi ife. Kwathu kuno kunali nyimbo imodzi imene mkwatibwi aliyense ankalowera, ya mwamuna amene anamangira mkazi wake nyumba yamalata, n'kuikamo mipando yofewa ndi galasi lalitali. Tsikulo woimbitsa nyimbo anali wochokera kutali, ndipo anaitenga pa intaneti. Anthu anavina bwinobwino mpaka pamene tonse tinkadziwa kuti nyimbo imathera. Amayi anayamba kuomba m'manja. Nyimbo sinathe. Woimbayo anapuma, n'kufotokoza momveka bwino kuti m'nyumba muja mkaziyo akukhalamo ndi mng'ono wa mwamunayo, pamene mwamunayo akugona pa depoti ya mabasi. Mng'ono wa mkwati anali akuvina kumbuyo kwenikweni kwa mkwatibwi, akumwetulira mano onse.

Lolemba mayi a saluni analowa m'shopu chisa chidakali m'manja.

"Bambo, nyimbo ija ili ndi ndime yachitatu."

"Inali nayo."

"Ine ndinakwatiwa ndi nyimbo imeneyo."

"Ndipo banja lanu lilipobe. Mukanakwatiwa ndi ndime yachitatu, bwenzi lero muli kuti?"

Mayiwo anatuluka akuseka, ndipo dzuwa lisanalowe msewu wonse unali ukuwatcha a Sizasi. Palibe anakwiya. Oyendetsa minibasi ankaima pakhomo n'kuwapempha kuti akadulireko maulaliki a abusa awo. Iwo ankayankha kuti za Mulungu sakhudza, koma abusawo akafuna malangizo abwere.

Vuto linabwera ndi mafoni atsopano. Nyimbo zawo zonse anali atazijambula kuchokera m'makaseti ndi m'masidi ndi pulogalamu yakalekale, imene inkasunga nyimbo mu mtundu wa fayilo umene mafoni a masiku ano saudziwa. Munthu ankapita kunyumba ndi nyimbo zake, foni n'kumulembera kuti siingathe kutsegula. Wokonza mafoni wa khomo lotsatira, amene timamutcha Injiniya, anabwera n'kuwaikira pulogalamu yotembenuzira mafayilo ku mtundu watsopano. Anati ntchito yake ndi yochepa: kusankha zonse, kudina kamodzi, kenako kudikira mpaka madzulo. Koma ali chiweramire anamva kompyuta ikugogoda m'mimba. Anati imeneyo ndi hadi disiki, ikutsanzika, ndipo tsiku limene idzagone idzagona ndi nyimbo zonse. A Sizasi anati kompyutayo imagogoda chifukwa ndi yaulemu, koma anavomera kuti Loweruka atembenuza zonse.

Loweruka lisanafike, m'shopu munalowa mkulu wosoka nsapato pakhonde la sitolo ya misomali ndi utoto, kutsidya kwa msewu. Tonse tinkangomudziwa ngati wansapato. Anavula chipewa n'kunena motsitsa kuti ali mnyamata ankaimba gitala m'gulu lina limene linatulutsa kaseti imodzi yokha. Adzukulu ake sakhulupirira, amati agogo amangolota. Pa intaneti anamufufuzira, palibe. Ndiye anamva kuti bambo a nyimbo sasowa kanthu.

A Sizasi anaipeza nyimbo ya gululo mkuluyo asanamalize n'kulankhula komwe, n'kuitsegula pa sipika monyadira. Mkulu uja anaima chilili, phazi likumenya pansi. Kolasi yachiwiri itatsala pang'ono kutha, anakweza dzanja lamanzere, zala n'kuzipinda ngati zagwira khosi la gitala. Nyimbo inadumpha bwinobwino, popanda ngakhale chipsera, n'kugwera pa ndime yomaliza.

Dzanja linatsala m'mwamba.

"Pamenepa pankakhala ine," anatero.

A Sizasi anayamba kunena kuti kaseti ija inali yakale. Mkuluyo anati palibe kanthu, mwina ukalamba ukumunamiza. Kenako anayang'ana pansi, n'kuwauza kuti chidendene cha nsapato yawo chatha, aibweretse aikonze. Anavala chipewa n'kuwoloka msewu.

Mkuluyo akanawatukwana, ndikhulupirira a Sizasi akanagona tulo. Chidendenecho ndi chimene chinawapha. Tsiku lonse sanagwire mausi, mahedifoni ali pa miyendo. M'mawa mwake analengeza kuti za Loweruka zatha. Palibe nyimbo itembenuzidwe isanabwezeredwe zake, ndipo kuyamba ayamba ndi gitala ya wansapato. Injiniya anawakumbutsa za disiki. Iwo anati disiki idikire, munthu uja wadikira zaka zambiri kuposa iyo.

Gitalayo inali m'thumba, pakati pa tizidutswa tosawerengeka topanda maina. Makutu a a Sizasi nawo anali atatopa. Lamanzere linali litasiya ntchito osatsanzika. Ndiye anatembenukira kwa ine. Masana ntchito ikachepa ankandiveka mahedifoni awo, iwo n'kumatsegula chidutswa chimodzichimodzi, ine n'kumanena chimene ndamva. Tsoka lake, thumbalo linali lodzaza ndi ndime zimene mtsikana woleredwa ndi azakhali anga sayenera kumva.

"Akuti chiyani?"

"Si gitala, bambo."

"Ndafunsa kuti akuti chiyani."

"Akunena za bulangete."

"Ndinachita bwino. Tipite kutsogolo." Kenako ankakumbukira kuti akulapa. "Ayi, sindinachite bwino. Bulangetelo ndi lake."

Magitala tinapeza ambirimbiri, moti ndinadabwa kuti m'nyimbo za kwathu kuno munatsalako gitala. Iliyonse tinkaiika pa malo aja n'kumvetsera. Ina inkathamanga, ina inkalira maliro, ina inkakwana ndithu moti tinkayang'anana. Woweruza anali mmodzi yekha, wansapato, koma a Sizasi ankachita manyazi kumuitana. M'malo mwake ankatenga nsapato n'kuwoloka nayo msewu, n'kuima pafupi ndi mkulu uja akuimba mluzu wa gitala imene tapezayo, maso ali pa nkhope yake. Anapititsa nsapato zawo zonse, kenako za mayi a kunyumba kwawo, kenako zanga, zimene zinalibe vuto lililonse ndipo ndinatsala tsiku lonse ndi masokosi kuseri kwa makina. Koma munthu wa khutu limodzi mluzu wake umayenda njira yakeyake. Wansapato ankangosoka. Tsiku lina anakweza mutu n'kuwauza mwaulemu kuti ngati chifuwacho chikupitirira apite kuchipatala.

Msewu wathu sunasangalale ndi kulapa kumeneku. Anthu sankafuna ndime zachitatu. Amene ankazifuna anali nazo kale pa intaneti. Ankafuna nyimbo mmene anazidziwira, mmene anavinira pa maukwati awo, zilowe m'mafoni awo atsopano disiki isanafe. Mayi a saluni ankabwera tsiku lililonse kudzafunsa ngati bambo achira matenda achisoni aja. A Sizasi ankayankha kuti anameta anthu osawapempha, ndipo sangawasamutsire m'nyumba yatsopano ali mipala. Kompyuta nayo inapitiriza kugogoda, tsopano ngati munthu amene watopa kudikira pakhomo.

M'mawa wina sanabwere. Mayi a kunyumba anatumiza uthenga kuti awagoneka m'chipatala. Ndinapita kukawaona, ndipo pamaso pa anthu onse a m'wodimo anandifunsa kuti tinalekezera pa chidutswa chiti. Ananena kuti akatuluka tikayambire pomwepo, ndipo thumba lija ndisalole munthu kulikhudza. Sabata yomweyo anamwalira.

Maliro atadutsa, mayi a kunyumba anandipatsa makiyi, ati za makinawo iwo sadziwa, ndione ndekha chochita. Injiniya anayatsa kompyuta, inakana, anaisisita, inavomera. Anandiuza kuti mwina aka ndi komaliza kuyaka, ndisankhe choyamba kupulumutsa. Mbiri inali itafika kale mumsewu. Pakhomo panadzaza a minibasi, a kwaya, amayi a saluni ndi makasitomala awo tsitsi lili theka, aliyense akutchula nyimbo yake. Wansapato sanabwere, ndinkamuona pawindo akukhomerera chidendene cha munthu wina.

Thumba linali laling'ono poyerekeza ndi nyimbo. Likanatha kukopedwa m'fulashi anthuwo asanamalize kukangana. Ndinasuntha mausi kulunjika pamenepo, mayi a saluni n'kuika dzanja lawo lofunda paphewa langa.

"Mwana wanga, yamba ndi nyimbo. Zinyalalazo uziona pambuyo."

Chibadwire sindinakanepo munthu wamkulu amene wandigwira paphewa. Ndinasankha nyimbo zonse n'kudina kamodzi. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa, anthu n'kumakalimbikitsa ngati mwana wophunzira kuyenda. Chakumadzulo kanafika kumapeto, nyimbo zonse zili mu mtundu watsopano, zili bwinobwino m'fulashi yaikulu ya Injiniya. Anthu anaomba m'manja, ena n'kunena kuti a Sizasi tsopano agone mumtendere. Ndinatsegula thumba. Kompyuta inagogoda, sikirini inada, ndipo sinayakenso. Injiniya anayesa zonse zimene amadziwa, mpaka anaigoneka disikiyo mu furiji ya mwini golosale pakati pa mabotolo, koma inatuluka yozizira basi.

Wansapato ndinamupititsira nyimbo yake ndekha, ndinamuikira m'foni ya mdzukulu wake. Ndinamuuza zimene zinachitika, maso anga ali pa ulusi wake. Anathokoza, anati ikumveka bwino kuposa kaseti, ndipo bambo aja anali munthu wabwino ngakhale mluzu sankautha. Za adzukulu sindinafunse.

Theka la chipinda chathu tsopano muli mayi wogulitsa machaja ndi makava a mafoni. Ndi munthu wabwino, koma amanditchula dzina langa lenileni, ndipo nthawi zina ndimachedwa kuyankha. Nyimbo za a Sizasi zili m'foni iliyonse ya mumsewu uno, zometedwa bwino, zomveka mbee, ndipo zidzakhalapo ife titapita. Ku saluni amaziimba kuyambira m'mawa mpaka potseka. Anthu amati bambo aja sanafe, ndipo amanena akuseka.

Nyimbo ya gulu lija nayo imafika nthawi yake. Ikayandikira mapeto a kolasi yachiwiri, ndimasiya pepala m'makina n'kuyang'ana kutsidya. Mkulu uja sakweza mutu. Singano yokha ndi imene imaima pakati pa chikopa. Nyimbo imadumpha, imalowa ndime yomaliza, imatha, ina imayamba, iye adakali chiimire pa malo ake. Akamaliza mumtima gawo lake lonse la gitala, m'pamene amakoka ulusi.