Sabata Yobisa Mawu Achinsinsi

Lolemba

Kompyuta ya bungwe lathu la alimi yayamba kulandila imelo kudzela pa waya wa foni. Lundazi watukuka! Sabata ino tikudikila kalata imodzi yokha, yotiuza tsiku lomwe lole ya mbewu ya nshawa ifike, kuti alimi a ku Mphamba ndi ku Chikomeni abwele ndi ngolo zawo. Mvula ili pafupi. Wina akatibela mawu achinsinsi n'kuwasintha, bokosi lathu la imelo latsekeka, kalata sitiiona, mbewu ipitilila kwina.

Ndinali mphunzitsi, choko sichindiopsa. Malamulo pabolodi:

1. Mawu achinsinsi sauza munthu.
2. Salemba papepala.
3. Lisakhale dzina la mwana wako.
4. Disiketi yachilendo isalowe m'kompyuta.
5. Kalata yopanda mwini wodziwika sayankha.

Ophunzila ndi awili basi: a Zimba, wapampando wathu, ndi NyaMtonga wotayipa. Pofika Lachisanu akhala akatswili.

Lachiwili

A Zimba: "Mwana wanga, chinsinsi chondibisila ine mu ofesi yanga yomwe?"

Ndikufotokoza mofatsa kuti mawuwa ali ngati kiyi wa shedi ya mbewu, sapatsa aliyense. Akupisa m'thumba, akutulutsa kiyi wa shedi, akundionetsa. Ndawauza. Lamulo loyamba lagwa tiyi asanawile.

Lachitatu

Mawu anga ndi okongola ndithu, zilembo ndi manambala zosakanizika bwino. NyaMtonga wawalemba ndi bolopeni yofiila pakalendala, poyang'anana ndi khomo, "kuti adada Zimba asaiwale". Ndikufufuta. Ndikufotokozanso, ndi chithunzi chomwe.

Masana a Zimba akulamula kuti munthu wamkulu sangaloweze zamisala zotele, tiike dzina la chitsilizila chawo, Chigomezgo. Mwana wodziwika msika wonse chifukwa chokwela mitengo ya mango ya eni! Malamulo awili agwa tsiku limodzi.

Lachinayi

Wabwela mkulu wa zoweta ndi disiketi yake, akufuna kusindikiza lipoti. Ndikumufotokozela kuti disiketi imatha kunyamula kachilombo kofufuta zonse. Akuiyang'ana uku ndi uku: "Ine ntchito yanga ndi matenda. Iyi ili bwino." A Zimba akuti munthu wa boma sitimubweza pakhomo. Yalowa. Ndapuma pokhapokha itatuluka. Kompyuta ikadali moyo.

Kalata ya mbewu sinafike. M'malo mwake yafika ina ya Chingelezi, yati ikuchokela ku Lusaka: akukonza makina, titumize mawu achinsinsi pasanathe masiku awili, apo ayi atitsekela. Dzina la wolemba palibe. Ndikufotokoza kawili kuti eni makina enieni safunsa zimenezi, wofunsa ndi mbala. A Zimba akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Kagwedezedwe kameneko sindikukakonda.

Lachisanu

Tsiku lonse ku Chikomeni, kulemba mayina a olandila mbewu. Fumbi, dzuwa, njinga kuphulika tayala kawili.

Pobwela ndikukumana ndi NyaMtonga pamsika, tomato m'manja. "Monile asisi! Ija ya ku Lusaka tayankha, musadandaule. Adada akuti kalata ya akuluakulu siigona masiku awili."

Ndathamangila ku ofesi: loko. Kiyi ali ndi a Zimba, a Zimba ali kumalilo ku Mphamba. Mayina onse aja ali m'chikwama changa, ndipo aliyense ndamulonjeza kuti tsiku la lole ndimuuza ndine.

Loweluka

Ndili pakhomo la ofesi dzuwa lisanatenthe. A Zimba afika panjinga, mosafulumila, moni wautali, za malilo zonse. Atsegula.

Patebulo pali envulopu ya khaki. M'kati:

masamba awili otayipa bwino,
moni kwa onse a ku Lusaka ndi mabanja awo,
nkhani ya mitambo,
dzina la Chigomezgo lodulidwa mzele kunsi,
siginecha,
chidindo cha bungwe, chofiilila, chowongoka.

A Zimba: "Kalata ya ofesi yopanda chidindo si kalata, ndipo kompyuta yakoyi ilibe podinda. Koma anthu a ku Lusakawa ngamwano. Sanalembe nambala ya bokosi la ku positi. Ndiye tiitumiza kuti?"

Sinapite! Sinapite kulikonse! Ndakhala pansi pasimenti, ndikuseka mpaka misozi. NyaMtonga akundipepelela ndi faelo, akuganiza kuti ndi malungo.

Ndasintha mawu achinsinsi pomwepo. Ndalumikiza kompyuta ku waya wa foni. Foni yalila kulila kwake kwa nkhuku yotsamwa, kenaka kalata yatsika: lole ifika Lachitatu m'mawa. Yewo, Chiuta! Uthenga wapita kale kumidzi ndi anthu a njinga.

Lamulungu

Envulopu ndaiwotcha pambaula. Kutchalitchi ndaimba mokweza kuposa masiku onse.

Ndikawelenga bwino, malamulo anayi agwa ndithu, lachisanu lapulumuka mwangozi. Pa zonse zomwe ndafotokoza sabata ino, palibe chomwe chamela. Mbewu yathu yapulumutsidwa ndi chidindo, kamtengo ka labala kokhala m'dilowa.

Potuluka a Zimba andikodola: "Mawa undiuze atsopanowo. Akhale osavuta."

Ndiwauza, nanga n'kutani. Koma bolodi ndifufuta, ndilembepo lamulo limodzi lokha, loti iwo alikonde: aliyense wofunsa mawu achinsinsi aziyankhidwa mwaulemu wonse, papepala, ndi chidindo.