Apongozi a Eni Ake pa Bedi Langa

Lolemba
Tsoka ilo! Apongozi aakazi a aphunzitsi amene amachita lendi nyumba yanga yakuseri agwa pa sitepe yogumuka ija. Angofika kumene kuchokera ku Kabudula, ngakhale madzi sanamwe. Bondo latupa. Aphunzitsi akuti, "Mayi, ndinakuuzani kangati? Mlendo akavulala chonchi, kukhoti amafunsa mwini nyumba." Khoti! Ine amene ndimanjenjemera ndikangoona wapolisi wapamsewu!

Nzeru ndi iyi: ndiwasamalire kwanga mwakachetechete, Lachitatu akwere minibasi. Nkhani ithere pakhomo pano.

Lachiwiri
Kuchipatala akuti fupa lili bwino, angopuma. Ndawapatsa bedi langa, ine pamphasa.
Zimene wodwala sadya: bonya, nkhwani wopanda nsinjiro, tiyi wopanda mkaka.
Zimene amadya: nkhuku.

Lachitatu
Mwakachetechete muja mwathera pomwepo, kuno ku Nsaru aliyense wamva. Akubwera kudzazonda wodwala: amayi akutchalitchi, abale a ku Kabudula, ndi bambo wina amene palibe akumudziwa. Ozonda sabwerera ndi njala. Komanso aliyense akufuna kuona sitepeyo ndi maso ake! Ndaima pamenepo ngati mlonda: pondani apa, osati apo!

Lachinayi
Tambala wanga wapita. Ndikufunsa za bondo. "Likumvekabe chapatali." Akangoona kuti nkhope yanga yakwinyika, akufunsa ngati khoti lili kutali ndi kuno.

Lachisanu
Ndawapeza akuthamangitsa mbuzi pa mphale ili padzuwa, liwiro la mtsikana! Kundiona ine, khu pansi: "Mayo ine, bondo!" Ndaseka mpaka misozi, kenako ndawaphikira phala. Nanga nditani? Zoona zake, macheza amawatha mayiwa.

Loweruka
Mmisiri wakonza sitepe. Ndikupita kwa aphunzitsi kukawauza kuti apongozi angathe kubwerera kwa mwana wawo. Ndawapeza akuimba mluzu, nkhope yasalala. "Musafulumire mayi, simenti sinaume." Madzulo atumiza chikwama cha apongozi, ndi bulangete lomwe.

Lamulungu
Tikuchokera kutchalitchi, apongozi aja patsogolo, ine pambuyo nditawanyamulira ndodo. Andigwira dzanja: "Za khoti iwalani, achemwali, munthu sasumira m'bale wake. Ndikhala nanu mpaka tikolole."

Chimangacho sitinadzale n'komwe.

Ndayala mphasa yanga. Koma abale, khoti likanagamula kamodzi n'kutha.