Chitseko cha Khansala

Lolemba

Chipinda ndachipeza! Ahedi andipatsa kachipinda kosungiramo makasu, kuseri kwa Fomu 2. Zaka zonsezi ndakhala ndikumvera mavuto a ana pansi pa mtengo wa mango, anzawo akusuzumira, ine choko cha Jogalafe chili m'manja.

Lachisanu kukubwera Mayi Kamanga, katswiri wa za maganizo wa ku Mzuzu. Akapeza chipinda chabwino, ana akulowamo momasuka, andivomereza kuti ndikachite dipuloma ya uphungu. Akapanda kutero, ndine wa Jogalafe mpaka penshoni.

Zotulutsa: makasu, mpira wophulika, mileme.
Zolowetsa: mipando iwiri, nsalu ya pawindo, ineyo.

Ada Mhone, amene amalemba mayina pa mabwato ndi zikwangwani za malo ogona alendo ku Kande, alemba pachitseko madzulo ano. Ndawauza dzina la ntchito yanga m'Chingerezi: kaunsela. Akuti, "Yewu ama, ndamva."

Lachiwiri

Sanamve. Pachitseko pali zilembo zofiira, zazitali ngati mkono wanga: KHANSALA.

Nkhani yafika kumsika ine ndisanafike n'komwe kusukulu. Ndikupeza mzere pakhomo. Mayi wina mjigo wa kwawo unathyoka. Bambo wina mlatho unakokoloka. Wachitatu dzina lake silinatuluke pa makuponi a feteleza, ndipo akundiyang'ana ngati ndinalidya ndine.

Ndikufotokoza bwinobwino kuti si ine wa ndale, ntchito yanga ndi kumvera ana. Bambo wa mlatho uja akuti, "Onse mumatero mukangopambana."

Ana amene alowa: palibe. Angalowe bwanji amalume awo ali pakhomo?

Ada Mhone akukanitsitsa kuti sanalakwe. "Ama, mawuwo ndi amodzi, inu mwangowatchula mokometsera." Ndapsa mtima mpaka tiyi wandikanika.

Lachitatu

Chingerezi ndicho chandiika m'mavuto, ndiye tiyeni Chichewa. Wochita uphungu ndi phungu, si choncho? Ndalemba ndekha papepala, Ada Mhone akopera chilembo ndi chilembo: PHUNGU.

Mayo ine. Dzulo ndinali wa wadi, lero ndine wa dera lonse! Zopempha nazo zakwera: malata a tchalitchi, yunifomu ya timu ya mpira, bokosi la maliro la munthu amene sanamwalire koma "zikuoneka". Mayi wina wandiyang'ana kumapazi n'kufunsa, "Galimoto ili kuti?" Ahedi akundipatsa moni wa "Olemekezeka" mu sitafu rumu, aphunzitsi onse kugwa nako kuseka. Kukwezedwa kumene ndakhala ndikupempherera kwabwera, koma kwasochera njira.

Pa buleki mtsikana wa Fomu 3, Tawonga, waima patali, wayang'ana mzerewo, wabwerera. Ndinafuna kumuitana koma a bokosi aja anali atandigwira mkono.

Lachinayi

Dzina lachitatu: MLANGIZI. Ili ndiye palibe angalisokoneze, ndatero m'mawa. Pakamwa pangapa!

Zafika:
mitengo ya chinangwa yofota masamba,
mpunga wachikasu kuchokera ku Limphasa,
mbuzi yotsekula m'mimba (yatsimikizira yokha pampando wanga).

Mayi wina akundinong'oneza kuti mwana wawo akukwatiwa Loweruka, ndikamulangize za m'nyumba. Ine!

Ndaimbira anzanga ochita uphungu m'masukulu ena, ndimve kuti iwo analemba chiyani pachitseko. Woyamba akuti, "Chitseko? Iwe uli ndi chitseko?" Wachiwiri anamusiyitsa kalekale, akuphunzitsa masamu. Wachitatu wayamba kundiuza mavuto ake mpaka mayunitsi anga atha. Ife timamvera aliyense, nanga ife amatimvera ndani?

Tawonga wadutsanso, osaima.

Lachisanu

Mayi Kamanga afika pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze. Akupeza chitseko chopakidwa utoto pamwamba pa utoto, zilembo zakale zikutulukira pansi, moti chikuwerengeka KHAPHUNGIZI. Pakhomo pali mlatho, malata, chinangwa. Mbuzi yabweranso kudzaonedwa ngati ikupeza bwino.

Ahedi akudzitama: "Ofesi iyi yatchuka dera lonse, mayi."

Mayi Kamanga akundifunsa modekha, kudekha kopweteka kuja, "Aphunzitsi, sabata ino muno mwalowa ana angati?" Ndikuyang'ana mbuzi. Mbuzi ikundiyang'ana.

Mayi Kamanga akuti chipinda cha uphungu chimafuna chinsinsi, osati msika. Akuti tidzaonanso chaka chamawa. Ndikufuna kunena za zaka za pansi pa mango zija, koma iwo anyamuka kale. Pochoka wina wawapatsa nkhuku poganiza kuti ndi nduna. Alandira.

Loweruka

Ndafufuta zonse ndi utoto wa bwato wotsala kwa Ada Mhone. Chitseko chabuluu, chopanda dzina. Ahedi alamula kale kuti makasu abwerere m'chipinda chawo.

Khansala weniweni watumiza uthenga: ndisayambe kampeni nthawi isanakwane.

Zandinyansa zedi. Namwino ali ndi dzina lake, wapolisi lake, ngakhale wogulitsa usipa amadziwika. Ife dzina lililonse tikaligwira, mwini wake alipo kale, ndipo ali ndi galimoto kapena njinga yamoto. Ndaphika kondowole wolimba moti ana anga akudya mwakachetechete, akudziwa kuti lero si lero.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi ndapita kukamasula nsalu yanga ya pawindo. Ndangokwera pampando, wina akugogoda pang'onopang'ono. Tawonga.

"Madamu, akuluakulu aja apita? Ndimafuna kubwera chiyambire Lolemba."

Tatseka chitseko. Iye pampando, ine pa mulu wa makasu, poti mpando wina uja mbuzi inauipitsa. Walankhula, walira, walankhulanso mpaka dzuwa lapendeka. Zimene wanena sindilemba, ngakhale muno. Mawa ndiyamba kumuyendera nkhani yake, ndipo wavomera kuti tikaonane ndi azakhali ake.

Wa ku Mzuzu palibe amene waona. Dipuloma yapita, chipinda chapita, mawa piriyodi yoyamba ndi Jogalafe, mitsinje ya m'Malawi.

Nsalu ija ndaisiya pawindo. Pachitseko sindilembapo kanthu.