Wonong'oneza Mayankho Ali Gone Kuno

Kwa Olemekezeka Mkulu wa Maphunziro a pa Intaneti,

Bwana,

Ine ndine telala wamba, mayi wa mtsikana amene mwamuimitsa sukulu pomuganizira kuti anabera mayeso ake omaliza a uphunzitsi. Ndalemba kalatayi nditagwada, kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo potibweretsera yunivesite m'nyumba. Sitinkalota kuti kachipinda kathu kamodzika, momwe muli makina anga osokera, mbaula ndi bedi, kadzasanduka holo ya mayeso. Munalamula kuti wolemba akhale yekha, chitseko chotseka, kamera ikumuyang'ana. Ine ndinatuluka ndi nsalu za eni n'kukakhala pakhonde ngati wothamangitsidwa ku ukwati. Koma bambo ake sakanatuluka. Anadwala sitiroko chaka chatha. Sayenda, salankhula, timachita kuwatembenuza. Tinangowatchinga ndi katani.

Chachiwiri, ndiyamikire maso akuthwa a makina anu. Mayeso ali mkati, bambowo anatsamwa ndi malovu, nayamba kubuula. Mwana anadzuka, n'kukawadzutsa mutu, n'kubwerera pampando. Kompyuta yanu yanzeruyo inalemba kuti wophunzira anachoka pamalo kukalandira mayankho kwa munthu wobisala kuseri kwa nsalu. Inetu ndinanyadira. Zaka zonsezi ndakhala ndi katakwe wa maphunziro m'nyumba, ine n'kumati ndinakwatiwa ndi wowotcherera zitsulo.

Chachitatu, zikomo posatitopetsa ndi kuonana ndi munthu. Mwana atapita ku ofesi kwanu, mlonda anamubweza pageti kuti madandaulo amalandiridwa pa intaneti. Mwamuitana kuti adziteteze pamaso pa komiti Lachisanu likubwerali, pa intaneti pomwepo, kudzera pa tsamba la ophunzira limene munamutsekera tsiku lomwe munamuimitsa. Mwanenanso kuti akapanda kuonekera ndiye kuti wavomera mlandu, achotsedwa sukulu. Nzeru zotere sagula pamsika, bwana, munthu amachita kuziphunzira.

Kunena zoona, mtima ukundiwawa. Mwanayu wavutikira maphunzirowa atakweza foni pawindo kusaka netiweki, mkono mpaka kuchita dzanzi. Pano sakudya. Akungondifunsa ngati analakwa kudzuka pampando paja. Inu odziwa malamulo, ndimuyankhe chiyani?

Pempho langa ndi laling'ono. Poti mnzake wa mlanduyu sangathe kubwera kwanuko, tumizani komiti yanu kuno, anthu enieni okhala ndi makutu. Mipando tibwereka kwa aneba. Adzakoke katani, adzawafunse bambowa mayankho amene ananong'oneza aja. Akadzatha kuwalankhulitsa ngakhale liwu limodzi lokha, mwanayo mumuchotse ndithu, sitidzadandaula. Tidzachita kukuvinirani, pakuti madokotala analephera.

Ndine wanu wosapita patali ndi sukulu,

Mayi wa woganiziridwa