A Mtunduwanji ndi Botolo Lawo la Petulo

Kwathu kuno ukangoti "a Mtunduwanji", palibe amene amafunsa kuti ukunena ndani. Anali bambo aja ocheka mitengo, amene sankaliza tcheniso yawo asanaimitse munthu wodutsa, kumuonetsa botolo la petulo padzuwa, n'kumufunsa kuti, "Mukuona mtundu wanji?" Dzina lawo lenileni linatha pang'onopang'ono ngati sopo. Ngakhale akazi awo ankati, "Inu a Mtunduwanji inu, chakudya chikuzizira."

Kwa amene simunagwirepo tcheniso, ndifotokozeko pang'ono. Injini ya makina ochekera mitengo amenewa ilibe malo akeake osungira oyilo ngati ya galimoto. Oyilo wake, uja amati wa thusitiroko, amathiridwa m'petulo momwemo, ziwirizo n'kumayendera limodzi. Ukaiwala n'kuthira petulo yekhayekha, injini imalira mokoma kwa kanthawi, kenako imatentha, kuuma, basi yafa. N'chifukwa chake opanga oyiloyu amamuika mtundu, kuti diso lizitha kuona ngati petulo wasakanizidwa.

A Mtunduwanji anaphunzira zimenezi mowawa. Akali anyamata, alamu awo anawathera mafuta a njinga yamoto, ndiye anabwereka petulo wa m'chigubu cha tcheniso. Mawa lake anabweza mwaulemu, chigubu chodzaza mpaka kukamwa, koma petulo wake wosasakaniza. Bambo athuwa sanayang'ane. Anathira, naliza, ndipo asanamalize ndi nthambi yoyamba yomwe, tcheniso inatsokomola n'kukhala chete.

Anaikulunga m'bulangete n'kuthamanga nayo kwa makaniko ngati mwana wodwala.

"Amakaniko, ikupuma?"

"Yapita iyi, achimwene. Zonse zamatirira m'katimu."

"Tayesani kuithira oyilo panopa."

"Mukufuna ndimwetse mtembo mankhwala?"

Zinawatengera nthawi yaitali akugwira ntchito ndi nkhwangwa kuti agule tcheniso ina. Tsiku limene anaipeza, anaiika pa tebulo la makaniko uja, navula chipewa, nalumbira anthu akumva.

"Yoyamba ija ndaiika m'manda ndine. Iyi ayi. Ndiyambe ndine kupita, iyo itsale."

Anthu anaseka, koma iwo sanaseke. Kuyambira pamenepo moyo wawo wonse unali pa lumbiro limenelo. Petulo ankamusunga m'botolo loonekera m'kati, ndipo maso awo okha sankawakhulupirira. Ankati maso awiri anawapusitsapo kale, tsopano akufuna anayi.

Tsiku lina mphepo inagwetsera mtengo waukulu pakati pa msewu. Kutacha, magalimoto anali atandanda mbali zonse ziwiri. Anawaitana a Mtunduwanji, ndipo anabwera msanga ndithu, tcheniso paphewa. Anatsegula chikwama, natulutsa botolo, nalikweza m'mwamba. Kumwamba kunali mitambo yokhayokha. Anakhala pansi pa thunthu la mtengowo n'kupinda miyendo.

Dalaivala wa minibasi ya kutsogolo anatulutsa mutu pawindo.

"Madala, lizani makinawo, anthu akuchedwa ku ntchito."

"Dzuwa lituluke kaye, mwana wanga."

"Nanga likatuluka mawa?"

"Mtengowu sukuthawa."

Mahutala atachuluka, anadzuka, napempha dalaivala uja kuti ayatse nyali zakutsogolo. Anagwada m'matope, naika botolo patsogolo pa nyali, naitana mayi wina wonenepa amene anali atakhala pampando wakutsogolo atanyamula keke pamiyendo.

"Mayi, pepani, mukuona mtundu wanji?"

"Wofiira."

"Kufiira kwake kotani? Ngati magazi kapena ngati tiyi?"

"Ngati maso a adalaivalawa."

"Ndiye ali bwino," anatero a Mtunduwanji, nakoka chingwe. Mtengo uja anaudula bwinobwino ngati buledi. Koma tsiku limenelo theka la tauni linafika ku ntchito nthawi ya tiyi.

Mavuto enieni anayamba pamene mayi a sitolo ya zitsulo anasiya kubweretsa oyilo wofiira n'kuyamba wabuluu. A Mtunduwanji analiyang'ana botolo latsopanolo ngati lawatukwana.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Oyilo wanu yemwe uja, bambo. Angosintha mtundu."

"Inuyo amuna anu atabwera kunyumba ali abuluu, mungawatsegulire chitseko?"

"Ndingawatsegulire. Mwina abuluuwo angamagwireko ntchito."

Sanagule. Mwatsoka, masiku omwewo ndi amene a hedi a pasukulu imene ndimaphunzitsa anawapatsa ntchito yodula nthambi yaikulu imene inkalendewera pamwamba pa denga la kalasi yanga. Anabwera ndi makwerero ndi nkhwangwa yawo yakale, tcheniso ataisiya kunyumba kuti ingamwe zosadziwika. Ntchito ya m'mawa umodzi inatenga masiku ambirimbiri. Poyamba phokosolo linkatisokoneza, koma kenako ana anayamba kuloweza masamu ochulukitsa motsatira nkhwangwa: iyo ikati go, iwo n'kuyankha. Kalasi imeneyo inakhoza bwino masamu chaka chimenecho, ndipo mpaka lero ena mwa iwo akamawerengera chenji amagwedeza mutu.

Koma munthu sangakhalire nkhwangwa pamene ali ndi tcheniso m'nyumba. Ndiye a Mtunduwanji anaganiza nzeru. Alamu awo aja panthawiyi anali atagula makina otchetchera udzu, amene amamwanso petulo wosakaniza. Bambo athuwa anagula botolo limodzi la wabuluu, nalikulunga bwino m'pepala, nakawapatsa ngati mphatso.

"Alamu, zakale zija tiiwale."

Alamuwo anatsala pang'ono kugwetsa misozi. Sanadziwe kuti asanduka olawira. M'mawa uliwonse a Mtunduwanji ankabisala kuseri kwa mpanda, khutu tcheru, kumvetsera makina a udzu aja. Patapita milungu ingapo analowa m'sitolo muja ali ndi nkhope ya munthu amene wakhumudwa pang'ono.

"Makina a alamu sanafe. Ndipatseni wabuluuyo."

Atabwera oyilo wobiriwira, alamu analandiranso mphatso. Ankauza aliyense kuti sanaonepo munthu wokhululuka ngati mlamu wawoyu.

Zaka zinapita, tcheniso inakalamba limodzi ndi mwini wake. Chogwirira chinali chomangidwa ndi mphira, chivindikiro cha petulo chinali chochokera ku makina ena, koma injini yake inali yomwe ija. Kenako zinthu ziwiri zinawagwera pamodzi. Maso awo anayamba kuchita chifunga, ndipo m'sitolo munabwera oyilo wina wotuwa, amene ukamuthira m'petulo sasintha kanthu. Ngakhale ife a maso abwino tikafunsidwa tinkangokanda m'mutu.

"Aphunzitsi, mukuona mtundu wanji?"

"Kunena zoona, bambo, ndikuona petulo."

Tsiku limenelo sanagwire ntchito. Anabwerera kunyumba botolo lili m'khwapa.

Mwana wawo wamkazi, amene ndi kalipentala ndipo ankagula matabwa kwa bambo ake omwewo pa mtengo wosachotsera, anayesa kuwathandiza.

"Ababa, tingopenta chigubu chimodzi chofiira. Chofiiracho chikhale cha wosakaniza, basi."

"Chigubu chimanama, mwanawe. Cha amalume ako chija sichinali changa chomwe? Mtundu ukhale m'petulo, osati pa chovala chake."

Mawa lake anandipeza kusukulu nthawi yopuma, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, inki yofiira ija mumalakwitsira ana, simungandigaireko?"

Ndinawauza kuti inki ndi madzi, ndipo madzi ndi injini sizigwirizana. Anapita kwa mayi ophika makeke kukapempha zofiiritsira, napitanso ku saluni kukafunsa za mankhwala a tsitsi. Nkhaniyi itamufika makaniko, anasiya ntchito yake n'kuwalondola mpaka pakhomo pawo.

"Achimwene, mukathiramo zimenezo musabwere kwa ine. Bulangete lanu lija mukalitengere kwina."

Amene anawapulumutsa, mosafuna, anali akazi awo. Tsiku lina akuchapa anatulukira panja ndi shati yoyera ya amuna awo, yovala akamapita kokayenda.

"Taonani zimene mwachita. Petulo weniweni akadontha pa nsalu amauma n'kutha. Koma wanu wosakanizayu amasiya chibanga chamafuta, ndachikecha mpaka zala kuwawa."

A Mtunduwanji anailanda shatiyo. Anapapasa chibangacho ndi chala, nachinunkhiza, napapasanso. Kenako anawagwira akazi awo dzanja ngati akuwalonjera koyamba.

"Mayi, mwandibwezera maso."

"Ine ndikunena za shati."

Kuyambira pamenepo, asanathire petulo m'tcheniso ankadonthetsa pang'ono pa chinthu choyera, kudikira kuti aume, n'kupapasa ngati patsala mafuta. Funso lija sanalisiye, koma tsopano wofunsidwayo ankayenera kuwerama n'kuchitira umboni chibanga. Shati ija itadzaza anayamba mapilo, kenako nsalu ya patebulo, kenako makatani. M'dera lathu chinthu choyera chinasowa mtendere. Amayi akangomva kuti a Mtunduwanji akubwera ankathamangira kukaanula zovala ngati kwachita mvula. Ine ndinataya mipango ya m'thumba yosawerengeka, ndipo sindinaidandaule.

Maso aja anapitirira kuipa. Tsiku lina mayi a sitolo ya zitsulo anawapempha kuti awadulire kamtengo kouma ka kutsogolo kwa sitolo. Anayeza petulo mosamala monga mwa masiku onse, naliza makina, nagwetsa mwaukatswiri mzati wa chikwangwani cha sitoloyo. Kamtengo kouma kanali chiimire pambali pake.

Palibe anavulala, koma mwana wawo anabwera madzulo omwewo n'kukhala nawo pakhonde. Sanawakalipire. Anangotambasula manja ake awiri. Bamboyo anaika tcheniso m'manja mwa mwanayo.

"Kucheka ndakusiyira. Kusakaniza ayi."

"Ndamva, ababa."

"Ndipo usamaibwereketse kwa amalume ako."

Choncho kalipentala uja anayamba kudzichekera yekha mitengo, bambo ake akumutsatira pambuyo ndi ndodo, botolo ndi chigamba choyera. Iye ankatha kuima ndi makina m'manja, dzuwa likumuwotcha, kudikira kuti dontho liume. Sanang'ung'udzepo, ngakhale nthawi zina ndinkamuona akuyang'ana kumwamba ngati akupempha chipiriro.

A Mtunduwanji atadwala n'kugonekedwa m'chipatala, ndinapita kukawaona. Ndinawapeza atakweza mutu, akutsinzinira thumba la diripi limene linapachikidwa pambali pa bedi. Namwino anali pompo.

"Anesi, zimene mukundithirazi zili ndi mtundu wanji?"

"Zilibe mtundu, agogo. N'zoyera ngati madzi."

"Ndiye simunasakanize. Mukufuna ndiume m'kati?"

Namwinoyo anali mtsikana wanzeru. Sanatsutsane nawo. Anati adokotala alembanso mavitamini, ndipo atawathira m'thumbamo madzi aja anasanduka achikasu.

"Aphunzitsi, mukuona mtundu wanji?"

"Wachikasu, bambo."

"Sindinayesepo wachikasu," anatero, akugoneka mutu. "Bwenzi titayamba tawapatsa alamu."

Anawatulutsa kuti akapumire kunyumba, ndipo tonse tinadziwa tanthauzo lake. Masana ena anapempha kuti atsegule windo la kuchipinda. Anasakaniza okha petulo ali chogona, mwana wawo akuwagwirira dzanja kuti asataye. Anadonthetsa pa ngodya ya nsalu yofunda, napapasa, nagwedeza mutu. Mwanayo anatuluka panja ndi tcheniso, naima pansi pa windo, nakoka chingwe. Inalira kamodzi n'kamodzi, utsi wake n'kulowa m'chipindamo mpaka akazi awo kutsokomola.

Anamvetsera kwa kanthawi, maso ali chitsinzinire.

"Mwaimva, mayi? Ilibe ndi chimfine chomwe. Ndiye kuti ndayamba ndine."

"Inu mumafuna kupambana pa chilichonse," anatero akazi awo, akuwakonzera pilo.

Anapita mlungu womwewo. Tcheniso inatsala.

Masiku ano mitengo ikuchekedwabe. Mwana wawo amasakaniza petulo bwinobwino, amayang'ana yekha kamodzi, n'kukoka chingwe. Mtengo ukagwera mumsewu amauchotsa anthu asanayambe n'kudandaula komwe. Zonse zikuyenda pa nthawi yake, ndipo aliyense akuti n'zabwino.

Ine ndimaona kusiyana kwake belu la m'mawa likalira. Ana onse ochokera mbali ya kwa a Mtunduwanji ankakonda kuchedwa, ndipo ndikafunsa chifukwa ankati, "Anatiimitsa kuti tione botolo." Sindinkawalanga, chifukwa zinkakhala zoona, ndipo ankalowa akukangana kuti kaya unali wobiriwira kaya wabuluu, nkhope zili ngwee ngati anthu amene afunsidwa nzeru ndi munthu wamkulu. Tsopano belu likamalira mabenchi amakhala atadzaza kale. Ndimaimabe pakhomo kanthawi, dzanja lili pa chitseko, kuyang'ana kumsewu ngati kukubwera kamwana kena kakuthamanga, kakununkha petulo. Kenako ndimatseka, n'kuyamba phunziro pa nthawi yake.