Zosakaniza Zanga ndi Zala za Mayi a Tamanda

Lolemba
Ahedi akuti Lachisanu adzakhala kumbuyo kwa kalasi kuonera phunziro langa la sayansi: zosakaniza ndi mmene tingazilekanitsire. Likawasangalatsa, Sitandade 5 ikhala yanga chaka chamawa. Likapanda kutero, ndibwerera ku Sitandade 1 kukapukuta mamina. Ayi ndithu, sindibwererako!
Ndasakaniza ndi manja angawa:
nyemba ndi chimanga,
mpunga ndi mankhusu,
mchere ndi mchenga,
misomali ndi utuchi.
Zonse zili m'mbale pashelefu. Mtima uli m'malo.

Lachiwiri
Ndiwo lero ndi nyemba. Kukoma kwake! Ndikupempha zina, kenako maso pashelefu. M'mbale mwatsala chimanga chokha! Akazi anga, mayi a Tamanda: "Ndinaona ngati zakutayikirani, ndiye ndakusankhirani." Iwowa amathyola tiyi ku esiteti, ndipo dengu likapezeka ndi timitengo akapitawo amalibweza. Zala zawo zikaona zosakanikirana zimayabwa.

Lachitatu
M'mawa ndikumata pepala pambale iliyonse: OSAKHUDZA, NDI SAYANSI. Pobwera kusukulu, nkhuku zikujompha mankhusu pabwalo. Mpunga wapetedwa, uli pamoto. "Pepala lanulo sindinalikhudze, ndangokhuthulira m'lichero." Ndikudya mokwiya. Mbale ziwiri.

Lachinayi
Mayo ine, mchere! Ausungunula m'madzi, ausefa ndi kansalu, mchenga ataya kuseri, madziwo awiritsa mpaka mchere kutsala mbee m'poto. "Mchere ndakagula ku Luchenza, ndi woseweretsa?" Njira imeneyi ine ndinaiwerenga katatu m'buku ndisanaimvetse.
Misomali nayo ili kale pachitseko cha khola la nkhuku. Aitola ndi maginito anga omwe ndinabisa m'nsapato. "Kachitsulo kanu kokoka kaja nkabwino."

Lachisanu
Ndatsala ndi chimanga ndi utuchi basi. Ndikunyamula fulasiki ya tiyi, sefa ndi kapu. Kuphunzitsa ana a ku Thyolo kusefa tiyi! Kalasi yonse yafa ndi phwete. Wina kumbuyo: "Aphunzitsi, shuga mwaiwala!" Manyazi andigwira. Ndikungowafotokozera zomwe zandionekera kunyumba, tsiku ndi tsiku, nkumafunsa kuti mayiwo anatani pamenepo. Manja m'mwamba: Anasankha! Anapeta! Anasefa! Ahedi akulemba, akumwanso tiyi wanga uja.

Loweruka
Ndikukumana ndi ahedi pamsika. Sitandade 5 ndi yanga! Ndikufuna kuvina pakati pa tomato. Koma akuwonjezera: "Lolemba mayiwo akaweruka ku tiyi mubwere nawo, ana aone ndi maso. Za mchere zija nanenso sizinandilowe bwinobwino."

Lamulungu
Mayi a Tamanda akusita chitenje chawo chakutchalitchi, akuimba. Ine andipatsa ntchito ziwiri: kusakanizanso zonse, ndi kuwanyamulira lichero mawa. "Kusakaniza kokhako mumatha, bambo a Tamanda."
Ndakhala pakhonde, ndikusakaniza. Sindikudandaula ayi. Nyembazi tidya Lachiwiri.